Injini yokhosomola ndi rediyeta yotha madzi: mbiri ya luso lopima galimoto

Injini ya petulo imafuna zinthu zitatu kuti ilire bwino: mafuta osakanizika bwino ndi mpweya, moto wa pulagi wofika pa nthawi yake, ndi silinda yosaphonya mpweya pamene pisitoni ikuupanikiza. Chimodzi mwa zitatuzi chikasokonekera, injini imadukizadukiza, imanjenjemera, imafooka pachitunda, ndipo amakaniko amati ikumisa kapena ikukhosomola. Komanso moto wa m'silinda umatentha kuposa madigiri 2,000, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya mafuta limachoka kudzera m'madzi oziziritsa injini. Kukhosomola ndi kutha kwa madzi ndi matenda akale kwambiri a galimoto, ndipo mbali yaikulu ya luso la umakaniko inakulira pa awiriwa.

Galimoto imene Karl Benz analembetsa ku Germany mu 1886 inalibe rediyeta yeniyeni. Madzi ankangowira n'kuuluka, woyendetsa n'kumathira ena. Mu Ogasiti 1888 mkazi wake, Bertha Benz, anayenda ulendo wa makilomita oposa 100 kuchokera ku Mannheim kupita ku Pforzheim. Panjira ankaima kufuna madzi, ndipo payipi ya mafuta itatsekeka anaitokosa ndi phini wa chipewa chake. Zida zimene amakaniko anadzazidziwa bwino pambuyo pake zinabwera motsatizana. Wilhelm Maybach anapanga kabuleta yopopera mafuta mu 1893, ndipo Mercedes ya 1901 inatuluka ndi rediyeta ya timachubu masauzande imene inkasunga madzi omwewo m'malo mowataya. Kampani ya Robert Bosch inatulutsa magineto amphamvu oyendera limodzi ndi pulagi mu 1902, ndipo Charles Kettering anaika koyilo, mapointi ndi disitiribyuta mu Cadillac ya 1910. Njira ya Kettering inalamulira kwa zaka zoposa 60.

Ford Model T, imene inapangidwa kuyambira 1908 mpaka 1927, inaphunzitsa anthu wamba mamiliyoni kupima injini. Zambiri mwa galimotozi zinalibe pampu ya madzi: madzi otentha ankakwera okha kupita ku rediyeta, ozizira n'kutsikira ku injini. Inalibenso pampu ya mafuta, chifukwa petulo ankatsika yekha kuchokera m'thanki. Pachitunda chachikulu, thanki ikakhala yosadzadza, mafuta ankalephera kufika ku kabuleta, injini n'kuyamba kudukiza, ndipo oyendetsa odziwa ankatembenuza galimoto n'kukwera chobwerera m'mbuyo.

M'nyengo imeneyo matenda awiriwa anali ndi amisiri osiyana. Wa rediyeta anali m'bale wake wa wokhoma zidebe. Rediyeta zinali za mkuwa, zolumikizidwa ndi mtovu wosungunula, choncho zinkatheka kukonzedwa mobwerezabwereza. Mmisiri ankatseka pakamwa pa rediyeta, kupoperamo mpweya, n'kuimiza m'madzi. Pamene pakutuluka thovu ndi pamene pabooka, ndipo ankapawotcherera. Wa kabuleta ndi moto ankadalira khutu ndi maso. Ankazula mawaya a mapulagi limodzilimodzi injini ikulira: waya amene akazulidwa kulira kwa injini sikusintha ndiye wa silinda yakufa. Ankakhazika nsonga ya sikuludiraiva yaitali pa injini, chogwirira chake n'kuchitsamiritsa kukhutu, kuti amve pamene pakugogoda. Koposa zonse ankawerenga pulagi. Yakuda ndi mwaye wouma inkanena kuti mafuta achuluka, yonyowa ndi oyilo inkanena kuti maring'i atha, yotuwa kwambiri inkanena kuti mafuta achepa kapena injini ikutentha mopitirira. Njirazi sizinkafuna chida chodula chilichonse, ndipo n'chifukwa chake zinafika kulikonse kumene galimoto inafika.

Madzi enieniwo anasintha pang'onopang'ono. M'mayiko ozizira madzi ankaundana usiku n'kung'amba injini, ndiye anthu ankathiramo methanol, amene ankauluka msanga. Mu 1927 ku America kunayamba kugulitsidwa Prestone, wopangidwa ndi ethylene glycol. Akasakanizidwa theka ndi theka ndi madzi, saundana mpaka kuzizira kufike cha m'ma madigiri 37 pansi pa ziro. Kenaka kunabwera chivindikiro cha rediyeta chokhala ndi sipuling'i, chimene chimapanikiza madzi kuti asawire msanga. Chivindikiro cha bar imodzi chimakweza malire owirira kufika pafupifupi madigiri 120. Chivindikiro chotopa chokha chikhoza kuwiritsa injini yabwinobwino, makamaka kumalo okwera, poti ku Lilongwe madzi osapanikizidwa amawira asanafike madigiri 97.

Popeza kulanti, madzi osakaniza ndi mankhwalawa, anayambira kumayiko achisanu, oyendetsa ambiri a kumayiko otentha anakhala akumuona ngati wosafunika, n'kumathira madzi a pampopi kapena a pachitsime. Chizolowezichi chawononga injini zambiri. Mu kulanti muli mankhwala oletsa dzimbiri, ndipo popanda iwo dzimbiri limadya timapiko ta pampu ya madzi, limaboola tizitsekero ta m'mbali mwa buloko, ndipo mchere wa m'madzi umatseka timachubu ta rediyeta. Chizolowezi china chofanana nacho ndi kuchotsa thermostat injini ikayamba kutentha. Muvi wa pa dashibodi umatsikadi, koma chimene chinayambitsa vuto chimakhala chikadalipo, ndipo injini yosafika pa kutentha kwake imamwa mafuta ambiri ndi kudetsa mapulagi, mpaka nayonso kuyamba kumisa.

Matenda awiriwa anadzakumana kwenikweni pamene opanga galimoto anachulutsa mahedi a aluminiyamu okhazikidwa pa buloko ya chitsulo. Aluminiyamu ikatentha imatambasuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, ndipo pakati pa ziwirizi pali gasiketi yopyapyala imene imalekanitsa moto, madzi ndi oyilo. Injini ikawira ngakhale kamodzi kokha, hedi ikhoza kupindika, gasiketi n'kupsa. Madzi amayamba kulowa m'silinda galimoto ikaima usiku. M'mawa injini imanjenjemera kwa kanthawi, ku ekizozi kumatuluka utsi woyera wonunkhira motsekemera, kenaka imakhazikika ngati palibe vuto, koma madzi mu rediyeta akucheperachepera popanda dontho lililonse pansi. Apa mmisiri wa rediyeta payekha sangapeze chibowo, ndipo wa moto payekha angasinthe mapulagi ndi makoyilo kangapo osathetsa kanthu. Makaniko wodziwa amayang'ana pulagi imodzi yoyera mosiyana ndi zinzake, chifukwa nthunzi yaitsuka. Amayang'ana thovu lotuluka pakamwa pa rediyeta injini ikulira, ndi payipi ya madzi yolimba gwa patangopita mphindi zochepa chiilizireni. Amatsegulanso pothirira oyilo kuona ngati wasanduka ngati tiyi wamkaka, ngakhale chizindikiro chimenechi chokha sichikwanira, poti galimoto yoyenda timaulendo tatifupi nayonso imachita zotero. Zida zinabwera kudzatsimikizira zimene maso aona: kapampu kopanikiza madzi kuti chibowo chionekere, geji yopima mphamvu ya silinda iliyonse, ndi mankhwala abuluu amene amasanduka achikasu akakumana ndi mpweya wa ekizozi wochokera mu rediyeta.

Kompyuta inalowa mu injini chifukwa cha malamulo oletsa utsi. Volkswagen inaika jekeseni wa mafuta woyendetsedwa ndi magetsi, Bosch D-Jetronic, mu 1967. Lamulo la Clean Air Act la 1970 ku America linabweretsa catalytic converter m'galimoto zambiri kuyambira 1975, ndipo Volvo inayamba kuika sensa yopima mpweya wa mu ekizozi mu 1976. Poyamba kampani iliyonse inali ndi njira yakeyake yoti injini inene vuto lake. Pa Toyota zakale makaniko ankalumikiza timabowo tiwiri, TE1 ndi E1, ndi kawaya, n'kuwerenga kuphethira kwa nyali ya pa dashibodi. Kuyambira 1996 galimoto zonse zogulitsidwa ku America zinayenera kukhala ndi OBD-II, soketi imodzi ya mapini 16 ndi manambala ofanana, ndipo Ulaya inatsatira mu 2001 pa galimoto za petulo. P0300 imanena kuti injini ikumisa mosasankha silinda, P0301 kuti ndi silinda yoyamba. Koma nambalayo imangoloza silinda. Siinena ngati wolakwa ndi koyilo, injekita, payipi yong'ambika yolowetsa mpweya, kapena madzi odutsa pa gasiketi, ndipo palibe nambala imene imaloza pamene rediyeta ikudontha.

Ku Malawi mibadwo yonseyi ya galimoto imakumana m'galaja imodzi. Land Rover ndi Peugeot 504 za kabuleta zinalera amakaniko akale, ndipo kenaka kunachuluka galimoto zakale zochokera ku Japan, zambiri zodzera padoko la Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe. Japan imayenda kumanzere monga Malawi, ndipo kupima kwake kwa boma, kumene kumayamba galimoto ikakwanitsa zaka zitatu n'kumabwerezedwa zaka ziwiri zilizonse, kumachititsa eni ake kugulitsa msanga. Galimotozi zimafika ndi mapayipi okalamba ndi rediyeta za aluminiyamu zamitu ya pulasitiki, zimene zikang'ambika siziwotchereka monga zamkuwa zija, kenaka n'kukakwera Chiweta, Khwekhwerere kapena chitunda chochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre zitasenza katundu.

Luso lozipima limaphunzitsidwa m'makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa ndi Lilongwe Technical College, pansi pa ndondomeko ya TEVETA imene inakhazikitsidwa mu 1999, koma ambiri amaliphunzira pogwirizira masipanala kwa bwana wawo m'magalaja a ku Ndirande, Biwi ndi Mchesi. Makina owerengera manambala tsopano atchipa, ndipo ena amalumikizidwa ku foni. Galaja yosamala imayambabe ndi zotsika mtengo: chivindikiro, mapayipi, zomangira zake, pampu ya madzi, fani ndi mapulagi, isanaganize zotsegula injini. Ikatsimikiza kuti ndi gasiketi, imatumiza hedi kwa a injiniyaring'i kuti akaipime ngati yapindika kapena yang'ambika ndi kuipala, ndipo pobwezera imamanga mabawuti motsata ndondomeko ndi mphamvu imene wopanga analemba, kuyambira pakati kupita kumapeto. Isanapereke makiyi imakonzanso chimene chinawiritsa injiniyo poyamba, chifukwa gasiketi yatsopano pa rediyeta yotsekeka imapsanso.