Mwana uja ni wa ndani? Kumene masewelo a kumudzi anacokela

Mu October 2018, pa Zambezi Magic panayamba sewelo lochedwa Mpali, limene anayambitsa a Frank Sibbuku. Nkhani yake ni ya a Nguzu, mlimi wolemela wokhala pa famu yaikulu na akazi amene anafika 7. Dzina la seweloli ni la Cibemba, ife timati mitala. Analikonza monga telenovela, la misozi na ndeo, koma aliyense amene anakhalako m'nyumba ya ku Matero kapena ku Chawama pa nthawi ya Mpali adziwa kuti anthu amaseka mpaka nthiti kuwawa. Nthabwala zilimo, inde. Koma cimene cimatiseketsa kwambili n'cakuti ife oonelela timadziwa kanthu kamene a Nguzu sadziwa, kapena kamene a Junza, mkazi wamkulu, akali kubisilidwa, ndipo timangoyembekezela tsiku limene kadzaululika.

Acicepele ambili amaganiza kuti masewelo otele anabwela na DStv. Iyai. Mudzi, banja lalikulu, na cinsinsi cimodzi cimene onse aopa kucichula: zinthu zitatuzi zinakumana kale-kale, TV ikalibe kufika m'dziko lino, ndipo amene anazikumanitsa ni msonkho wa atsamunda.

Mu 1898 Angoni a Mpezeni anagonjetsedwa na asilikali a Azungu. Nsingo, mwana wa mfumu, anaphedwa, ndipo ng'ombe zambili-mbili zinalandidwa. Patapita zaka zocepa cabe kunabwela msonkho wa nyumba. Msonkho unafuna ndalama, koma ndalama kumudzi kunalibe. Conco amuna a ku Fort Jameson, kumene lelo timati Chipata, anayamba ulendo wapansi wopita ku mafamu na migodi ya ku Southern Rhodesia, ena mpaka ku Joni. Kuyambila cakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, enanso analowela ku migodi ya kopa ya Luanshya, Nkana, Mufulira na Nchanga. Ena anabwelako na njinga na mabulangeti. Ena anapitilatu, ndipo anapatsidwa dzina limene likali kuwawa mpaka lelo: machona.

Manje ganizilani umoyo wa mwamuna wotele. Kumudzi, kufupi na Katete, anasiya mkazi na ana awili. Boma la atsamunda na mafumu anayesa kuletsa akazi osakwatiwa kupita ku matauni, ndipo ena anali kubwezedwa kumudzi mokakamiza, koma akazi anafikabe ku makomboni, ndipo maukwati a kanthawi anaculuka. Mwamuna uja anakhala na nyumba ziwili, na ana amene sadziwana. Makalata ndiye anali kulumikiza mbali ziwilizi, koma kambili kalata inali kulembedwa na mnzake wodziwa kulemba, ndipo ikafika kumudzi inali kuwelengedwa na mphunzitsi kapena mwana wa sukulu. Cinsinsi cinali kudutsa m'manja mwa anthu atatu cikalibe kufika kwa mwini wake. Wolemba sewelo angafunenso ciani? Mkazi ayembekezela moleza mtima, mudzi wonse udziwa kale, ndipo palibe wofuna kukhala woyamba kukamba.

Pamwamba pa izi panali kusiyana kwa miyambo. Kwa Acewa, mwana ni wa ku cikazi. Mwamuna amapita kukakhala kwa mkazi monga mkamwini, ndipo mau amphamvu pa ana ni a malume. Kwa Angoni, amene amapeleka malowolo, ana ni a kwa atate. Mitundu iwiliyi yakhala moyandikana na kukwatilana kwa zaka zoposa 100. Ndiye funso lakuti "mwana uyu ni wa ndani?" ku Eastern lili na mayankho awili ngakhale pamene palibe amene wacita cigololo. Mukaikapo na mwana wobadwila ku Kitwe kwa mai wacibemba, mlandu wake ungatenge masiku atatu pa bwalo.

Nkhani izi zinayamba kumveka m'dziko lonse kupitila pa wailesi. Siteshoni ya ku Lusaka inayamba mu 1941, pa nthawi ya nkhondo, ndipo pambuyo pake inakhala Central African Broadcasting Station, youlutsila anthu akuda a m'maiko atatu: lino, Nyasaland na Southern Rhodesia. Mu 1949 kunabwela kawailesi ka mabatile kochipa, ka mapaundi 5, kopangidwa na kampani ya Ever Ready. Kanali kuoneka monga poto, n'cifukwa cake kanachedwa Saucepan Special. Pulogilamu ya Zimene Mwatifunsa inali kutumiza moni na nyimbo pakati pa a m'tauni na a kumudzi. Nimaganizila mai amene anamva dzina la mwamuna wake likuchulidwa pa wailesi, akupeleka moni kwa munthu wina amene iye sanamumvepo.

Koma munthu amene anatenga nthano za pamoto n'kuzisandutsa sewelo la dziko lonse ni a Julius Chongo. Kuyambila ca m'ma 1960, ufulu utabwela, pulogilamu yawo ya Poceza m'Madzulo inali kumveka pa wailesi ya boma kwa zaka zambili. Analibe gulu la ocita sewelo. Iwo okha anali nkhalamba, namwali, mfumu, kalulu na fisi, akumasintha mau malinga na amene akamba. Anali katswili wa tumau tuja tumene tumacititsa khutu kuona, monga pamene munthu agwa kuti khu, kapena pamene nyumba ikhala zii. Anasimba nthano zakale, komanso anapeka nkhani za masiku awo, za anthu amene mwendo umodzi uli kumudzi, wina m'tauni. A Ernst Wendland anasonkhanitsa ena mwa masewelowa m'buku limene linatuluka mu 2004. Ngati agogo anu anakulila ku Eastern kapena ku Lusaka, afunseni cimene cinali kucitika pa nyumba nthawi ya Poceza ikakwana. Kwa ine, aliyense amene lelo amavala cipewa cong'ambika n'kukamba Cicewa ca kumudzi pa kamela ali na nkhongole kwa a Chongo, kaya adziwa kapena ayi. Kusiyana kwake n'kwakuti a Chongo sanali kuseka cinenelo. Anali kucionetsa kukoma kwake.

TV inafika mu 1961 ku Kitwe, maka-maka kaamba ka Azungu a ku migodi. Ngakhale boma litaitenga, ndipo ngakhale ZNBC itayamba mu 1988, inakhalabe ya Cizungu, yodzala na mafilimu a ku America na ku Britain. Zinenelo zathu zinali kupatsidwa kanthawi kocepa. Kabanana, imene inayamba kumayambililo kwa zaka za m'ma 2000, inaonetsa kuti anthu a mu Zambia angathamangile ku nyumba kukaonelela nkhani ya anthu anzawo, koma inali nkhani ya m'tauni.

Mudzi unalowa bwino-bwino pa TV na Muvi TV. Kumeneko n'kumene tinaonela Banja, sewelo la m'Cinyanja la umoyo wa kumudzi, komanso Bikiloni na Difikoti, amene anaseketsa Lusaka yonse na Cinyanja cimene timakamba m'minibasi. Cimodzi mwa zifukwa zake ni ndalama. Makamela anachipa, ndipo mudzi sufuna situdiyo: nyumba ya udzu, mtondo, nkhuku ziwili, dzuwa la mahala, basi mwayamba kujambula. Cifukwa cina n'cakuti oonelela anali okonzeka. Makomboni anali odzala na ana a anthu aja amene anacoka kumudzi, amene amaudziwa mudzi kupitila m'maholide na m'malilo.

Za malilo ziyenela kukambidwa mwapadela, cifukwa ni pa malilo pamene cinsinsi ca banja la mu Zambia cimaululika, pa TV ngakhale pa umoyo weni-weni. Kale, mwamuna akafa, abale ake anali kubwela kudzatenga katundu yense, mkazi wamasiye n'kutsala na mphasa. Mu 1989 kunakhazikitsidwa lamulo la Intestate Succession Act, lonena za kagawidwe ka cuma ca munthu amene wafa osalemba wilo. Ana amatenga 50 pelesenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo ena amene anali kudalila womwalilayo 10. Ngati akazi ni ambili, amagawana 20 imeneyo. Ndipo lamulo limawelengela mwana aliyense, wobadwila m'cikwati kapena kunja. Apa ndiye pamene mai wacilendo wokhala kumbali pa nyumba ya malilo, na kamnyamata kofanana mphuno na malemu, analeka kukhala nkhani ya manyazi cabe. Anakhala nkhani ya nyumba, ya galimoto na ya penshoni. Olemba masewelo anaciona msanga cimeneci. Mukapenyetsetsa, mikangano yambili ya pa famu ya a Nguzu imazungulila pa funso limodzi-modzi: akadzapita, zonsezi zidzakhala za mwana wa ndani?

Nanga n'cifukwa ciani timaseka zinthu zowawa conco? Apanso si TV inatiphunzitsa. Pa malilo a Mngoni, Abemba amabwela na cimbuya cawo: amapaka ofeledwa ufa kumaso, amanena malemu, amachula poyela zimene abale sangayelekeze kuchula. Abemba akafeledwa, a kum'mawa amabwezela. Palibe amene aloledwa kukwiya. Mwambo unapatsa anthu ena ufulu wokamba coonadi malinga acikambe moseka, ndipo sewelo labwino la banja limagwila nchito imeneyi m'cipinda cocezela. Atate na amai amaseka a Nguzu pamodzi, aliyense akuganizila zake.

Pali cimodzi cimene sicinikondweletsa m'masewelo ambili, maka-maka tuja twafupi-fupi twa pa Facebook na TikTok. Munthu wa kumudzi wasanduka citsilu ca nthawi zonse: amaopa fuliji, amapatsa moni anthu a pa TV, ndipo kambili amakamba na kalankhulidwe ka kum'mawa. Nthabwala imeneyi yakalamba. Kalembela wa 2022 anapeza kuti anthu oposa hafu m'dziko lino akali kukhala kumidzi, ndipo mudzi wa lelo uli na sola pa denga, foni m'thumba, na mnyamata wa mobile money pa msika. Agogo amene timawaseka ndiwo anatumiza thumba la cimanga na nshawa pamene atate anacotsedwa nchito. Apa Mpali inacita bwino: cuma cili pa famu, ndipo mlimi si wopemphetsa. Ali na zofooka zake zambili, koma umbuli si cimodzi mwa izo.

Wolemba wa lelo ali na vuto limene a Chongo analibe. Pa nthawi yawo, kalata yocokela ku Mufulira inali kutenga milungu kuti ifike ku Chadiza, ndipo banja laciwili linali kubisika kwa zaka 20. Masiku ano mwamuna akatumiza ndalama, meseji imabwela na dzina lonse la wolandila, ndipo foni imakhala pa thebulo pamene iye ali ku bafa. Msuweni wa kumudzi ali pa gulu la WhatsApp la banja, ndipo amaika zithunzi za cinkhoswe osafunsa kuti n'ndani ali kumbuyo kwa mkwati. Kuti cinsinsi cikhale kwa masizoni angapo, wolemba afunika kupeza cifukwa cimene anthu khumi odziwa akhalila cete, ndipo nthawi zambili cifukwa cake cimakhala cija ca kale: wina alipilila ana sukulu, wina analonjezedwa munda, ndipo wina nayenso ali na cake cimene abisa.