Mbiri ya Kuwotcherera Aluminiyamu ndi Makina a MIG

Mwa zitsulo zonse zimene ana a anthu aphunzira kulumikiza ndi moto, chimodzi mwa zimene zinasautsa amisiri koposa ndicho aluminiyamu, chitsulo chopepuka chija chimene, ngakhale chadzala m'nthaka, sichinaoneke pachokha kufikira 1825, pamene Hans Christian Ørsted wa ku Denmark anachilekanitsa ndi zina. Ndipo chinakhalabe chuma cha olemera okha mpaka 1886, chaka chimene Charles Martin Hall ku America ndi Paul Héroult ku France, aliyense kwayekha, anapeza njira yochiyenga ndi magetsi.

Chitatsika mtengo, chinaonetsa liuma lake. Pakuti chitsulochi chimasungunuka pa madigiri 660, koma kakhungu kamene chimavala chikangokhudzana ndi mpweya sikasungunuka kufikira madigiri opitirira 2,000. Kutentha chimakumwaza msanga, ndiponso sichifiira chikapsa, kotero kuti mmisiri amangodzidzimuka chibowo chitatseguka kale. N'chifukwa chake opanga ndege anakhulupirira mariveti kwa zaka zambiri.

Chipulumutso chinadza m'masiku a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 1941 Russell Meredith wa ku Northrop Aircraft anakonza njira imene lero itchedwa TIG, yophimba moto ndi mpweya wa helium kuti mphepo isadetse chitsulo chosungunukacho. Ntchito yake inali yosalala, koma yochedwa. Pamenepo mu 1948 akatswiri a ku Battelle Memorial Institute, mumzinda wa Columbus ku Ohio, mothandizidwa ndi kampani ya Air Reduction, anaika waya wosungunuka m'malo mwa nsonga yosasungunuka ya tungsten ya TIG, nampatsa mota yomkankha kosaleka. Ndipo uku ndiko kubadwa kwa MIG, imene anaipangira aluminiyamu yemweyo ndi zitsulo zina zonga iye.

Komatu mu 1953 Lyubavskii ndi Novoshilov a ku Soviet Union anaonetsa kuti mpweya wotsika mtengo wa carbon dioxide ukwanira powotcherera chitsulo wamba, ndipo kuyambira pamenepo makina a MIG anachuluka, natsika mtengo, nakonzedwa monga mwa zofuna za waya wolimba wa chitsulo: kapaipi ka m'kati mwa chingwe kakhala ka chitsulo, timawilo tokankha waya tili ndi mphako yosongoka, chingwe nacho n'chachitali. Chotero mwini nyumba anasanduka mlendo kwawo komwe. Pakuti waya wa aluminiyamu, pokhala wofewa, amapalika m'njira, naphwanyika pa timawilo, napiringizana asanafike pa ntchito.

Opanga makina anayankha pawiri. Ena anakonza spool gun, chogwirira chosenza mota yake ndi kampukutu ka waya kolemera pafupifupi theka la kilogalamu, kuti waya ayende masentimita ochepa okha. Ena anaika mota ziwiri, ina yokankha kumbuyo, ina yokoka kutsogolo. Zonsezi zigwira bwino, koma zifuna ndalama, ndipo spool gun imalemetsa dzanja, kampukutu kake n'kutha msanga.

Njira yachitatu inakula pang'onopang'ono m'magalaja a amisiri osalemera, amene anatsata mwambi wa makolo wakuti ukaipa dziwa nyimbo. Iwowa, poona kuti moto wa makina awo ulibe chilema, koma kuti vuto lagona pa ulendo wa waya, anachotsa kapaipi ka chitsulo naika ka Teflon kapena nayiloni. Anasankha timawilo ta mphako yozungulira, osatimangitsa. Anafupikitsa chingwe kuti chisapitirire mamita 3, nachiwongola pogwira ntchito. Anakonda waya wonenepa wa mamilimita 1.2, makamaka wa nambala 5356, wosakaniza ndi magnesium, amene aposa wa 4043 kulimba. Ndipo nsonga yotulukira waya anaikulitsako bowo, popeza aluminiyamu amafufuma akatentha. Mpweya wake ndi argon wosasakaniza, pakuti carbon dioxide amaononga msoko. Chitsulo achipukuta ndi acetone, nachikwecha ndi burashi ya stainless steel yosakhudzapo chitsulo china, ndipo powotcherera akankhira moto kutsogolo mofulumira, osaukoka.

Moto wogunda modukizadukiza, umene unayamba m'zaka za m'ma 1960, unafika kwa anthu wamba pamene makina opepuka a inverter anafala, ndipo wachepetsa kubooka kwa zitsulo zopyapyala. Ngakhale zili tero, njira yopanda spool gun ili ndi malire ake: aluminiyamu wochepera mamilimita 3 amavutabe pa makina wamba, ndipo wowotcherera maboti kapena matanki tsiku ndi tsiku adzataya nthawi yambiri akumasula waya, kotero kuti kwa iye kugula chipangizocho ndiko kusunga chuma. Koma amene aluminiyamu amfikira mwa kamodzikamodzi, akhoza kugwira ntchito yolimba ndi makina amene ali nawo kale, akangosamala njira imene waya adzeramo.