Kapitawo

Iye amene angaime m'chigwa cha Nhartanda, mumzinda wa Tete, kumene anthu amalima ndiwo zamasamba m'dothi lachonde la mtsinje wa Zambezi, nadzamva Chinyungwe ndi Chipwitikizi zikusinthana pakamwa pa mayi mmodzi wotsirira dimba lake, sadzadabwa kuti mawu akuti kapitawo, amene ambiri a ife tiwayesa a makolo athu, anafika kuno ndi alendo. Gwero lake ndilo capitão wa Apwitikizi, amene anakhazikika ku Tete m'zaka za m'ma 1500. Ndipo capitãoyo anabadwa mwa mawu a Chilatini akuti caput, ndiwo mutu.

Poyamba kapitawo anali mtsogoleri wa asilikali, mwini mfuti ndi linga. Koma mawu ali ngati mwana wa mlendo, amene akula ndi mwambo wa mudzi womulera. Pakuti atakwera Shire kufikira m'minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje, kapitawo anavula zankhondo, nasanduka Mwafirika mnzathu woyang'anira antchito, wowerenga mizere imene munthu walima ndi kulemba matikiti. M'masiku a thangata dzinali linkatchulidwa ndi mantha, ndipo sindiwaweruza agogo athu amene analida. Lero aliyense woyang'anira amisiri pa chimango kapena okonza msewu timamutcha kapitawo, popanda chowawa mumtima.