Nkhondo Inatha, Mfuti Zinatsala: Zomwe Mbiri ya Mozambique Imatiphunzitsa

Pa 4 Okutobala 1992 boma la Frelimo ndi gulu la Renamo anasainirana pangano la mtendere mumzinda wa Rome. Nkhondo yapachiweniweni yomwe inayamba mu 1977 inathera pamenepo. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi omwe anathawira ku Malawi, m'maboma ngati Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza, pamodzi ndi omwe anali ku Ukwimi m'boma la Petauke ku Zambia, anayamba kubwerera kwawo. Koma mfuti zambiri sizinabwerere m'nkhokwe za boma. Zina zinakwiriridwa m'tchire, zina zinadutsa malire mobisa. Akuluakulu akukumbukira momwe mbava zonyamula AK-47 zinachulukira m'zaka zotsatira, ku Malawi ndi ku Joni komwe.

Mu 1995 njira ziwiri zinayesedwa. Apolisi a ku South Africa ndi Mozambique anayamba ntchito yotchedwa Operation Rachel, yofukula zida zobisidwa ndi kuziwononga. Chaka chomwecho, bungwe la mipingo yachikhristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba kulandira mfuti posinthana ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Zida zina amisiri anazidula n'kupanga zosema. Mpando wina wopangidwa ndi mfuti zoterezi uli ku British Museum ku London.

Komatu kutolera mfuti popanda lamulo lolimba kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. N'chifukwa chake mu Ogasiti 2001, mumzinda wa Blantyre, mayiko a SADC anasainira mgwirizano wolonjeza kulemba mfuti m'kaundula, kuziika chizindikiro ndi kulanga ozizembetsa.

South Africa inakhazikitsa lamulo latsopano mu 2000, ndipo linayamba kugwira ntchito mokwanira mu Julaye 2004. Wofuna mfuti ayenera kukhala ndi zaka 21, kuyesedwa ngati ali woyenera, kufufuzidwa mbiri yake ya nkhanza, ndi kukonzanso chiphaso cha mfuti yodzitetezera zaka zisanu zilizonse. M'zaka zoyambirira za lamuloli, imfa zochitika ndi mfuti zinatsika kwambiri m'mizinda ikuluikulu ya dzikolo.

Ena amati lamulo limangomanga manja munthu wachilungamo, pomwe mbava siipempha chiphaso. Mawuwa ndi ofunika kuwamva. Koma tifunse: mfuti ya mbava imachokera kuti? Zambiri zinali zovomerezeka poyamba, kenako zinabedwa m'nyumba, zinasowa m'nkhokwe kapena zinagulitsidwa mwachinyengo. Mu 2016 khoti linalamula mkulu wina wa apolisi ku South Africa kukhala m'ndende zaka 18 chifukwa chogulitsa mfuti zoposa 2,000 zomwe zinayenera kuwonongedwa. Zambiri zinakafika m'manja mwa zigawenga za ku Cape Flats, ndipo zinapha ngakhale ana. Apa lamulo silinalakwe. Analakwa ndi wolisunga. Choncho kukhwimitsa kuyenera kufikanso pa nkhokwe za apolisi ndi asilikali.

Lamulo la mfuti la ku Malawi linakhazikitsidwa mu 1967, zonsezi zisanachitike. Lero kuli nkhondo ku Cabo Delgado kuyambira 2017, ndipo malire athu akadali njira za m'minda zomwe munthu amadutsa pa njinga popanda womufunsa. Tsiku lina nkhondo imeneyonso idzatha, ndipo mfuti zake zidzafuna ogula. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Tifunse aphungu athu, aliyense m'dziko lake, kuti zomwe analonjeza ku Blantyre zafika pati.