Chileka, Lirangwe ndi nkhani ya chilembo chimodzi

Tsiku lina ndili m'minibasi yochokera ku Lunzu, ndinayang'ana chikwangwani cha pa Lirangwe n'kukumbukira cha ku Chileka chomwe ndinachiona m'mawa wake. Mayina awiriwa ali m'boma limodzi la Blantyre, koma malembedwe ake sagwirizana. Malamulo a kalembedwe omwe bungwe la Chichewa Board linatulutsa mu 1973 ankati r azibwera pambuyo pa i kapena e, ndipo l azikhala m'malo ena onse. Lirangwe akutsata lamuloli. Chileka ayi; mwa lamulolo akanakhala Chireka.

Chifukwa chake n'chakuti dzina linafika pa mapu lamulo lisanabadwe. Pamene Dr Kamuzu Banda ankatera pa bwalo la ndege la Chileka pa 6 Julayi 1958, dzinali linali litakhazikika kale m'mapepala a boma. Lirangwe nayenso anali kale siteshoni pa njanji yomwe inafika ku Salima mu 1935, ndipo r wakeyo anangokumana ndi lamulo mwangozi. Pakamwa pa anthu kusiyanaku kulibe ntchito. Mayi wina wogulitsa tomato pamsika ndinamumva akutchula dzinali pakati pa l ndi r, ndipo nditafunsa anaseka: "Aaa bambo, Lilangwe, Lirangwe, ndi konkuno basi."

Nkhani ya h ndiye yozama. Amishoni oyamba a ku Blantyre, omwe anafika mu 1876, kawirikawiri sankalemba mpweya womwe timaumva mu ph, th ndi kh. Mayina ena aakulu anakonzedwa pambuyo pake: Cholo anakhala Thyolo, Chikwawa n'kukhala Chikhwawa. Koma wofufuza asathamangire kuthira h paliponse. Dera lino ndi la Amang'anja komanso Ayao, omwe anafika m'mapiri ano cha m'ma 1860, ndipo Chiyao sichisiyanitsa mawu ndi mpweya wotere monga chimachitira Chichewa. Mafumu oyandikana, Kuntaja ndi Kunthembwe, wina alibe h, wina ali naye. Kuwafananitsa mokakamiza kukhoza kufufuta chizindikiro cha mbiri chomwe tikuchifunacho.

Za gwero la dzina la Chileka, m'khonde lina ndinauzidwa kuti likuchokera ku mneni "kuleka". Ine ndinalemba kuti "amatero agogo akuti, a mudzi wakuti", osati "tanthauzo lake ndi ili". Dzina likafanana ndi mawu odziwika, nthano imamera msanga. Tisaiwalenso kuti kuli Chileka wina m'boma la Lilongwe, pa msewu wa ku Mchinji, ndiye kufotokoza kulikonse kuyenera kuyesedwa pa malo onse awiri.

Komabe chondidetsa nkhawa si mayina a pa chikwangwani. Amenewo safa. Ofooka ndi a madambo, zitsime, manda ndi timapiri, omwe sanalembedwepo. Tamverani mmene anthu amayankhulira: timati "ku Lirangwe" chifukwa ndi malo ndiponso mtsinje, koma "kwa Kapeni" chifukwa ndi dzina la munthu. Mudzi ukagawika n'kukwezedwa nyakwawa yatsopano, "kwa" watsopano amabadwa, ndipo dzina lakale la malowo limatsala ndi okalamba okha. Pa mlandu wa malire a munda, mkulu akati "mpaka pa dambo lakuti" koma achinyamata osalidziwa dambolo, umboni watha. Pansi pa lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe limalola kulembetsa minda, zimenezi si zocheza.

Choncho m'kope langa dzina lililonse ndimalipatsa mizere inayi: mmene lalembedwera pa mapu kapena chikwangwani, mmene eni ake amalitchulira, ngati limatenga "ku" kapena "kwa", ndi nkhani yake pamodzi ndi amene waisimba. Mawu ndimajambula pa foni nditapempha chilolezo kwa amfumu. Sabata yatha gogo wina anandipatsa mayina 7 a malo apakati pa nyumba yake ndi mtsinje. Mdzukulu wake, yemwe anatiperekeza, ankadziwapo awiri.