Kulumala kochokera mu ubongo ndi masewera a njinga

Kulumala kumene madokotala amakutcha cerebral palsy kumayamba pamene ubongo wa mwana wavulala, kaya adakali m'mimba, pobadwa, kapena m'zaka zake zoyambirira. Zoyambitsa zake n'zodziwika: kubadwa masiku asanakwane, kubanika pobadwa, chikasu cha khanda chosalandira chithandizo, malungo a mu ubongo ndi matenda oumitsa khosi. Mwana amachedwa kukhala pansi, manja kapena miyendo imauma, ndipo ena amavutika kulankhula ngakhale nzeru zili bwinobwino. Kulumalaku sikupatsirana. Bala la mu ubongo silikula. Chimene chimakula ndi kuuma kwa minofu ya mwana amene amangogonekedwa m'nyumba. Tikamva akhristu anzathu akunena za ufiti kapena tchimo la makolo, tiwakumbutse yankho la Ambuye Yesu pa Yohane 9.

Mankhwala ochiziratu palibe, koma minofu imafewa ndi kulimba ikamagwira ntchito, ndipo apa ndi pamene njinga ya matayala atatu imathandiza. Siigwa msanga, mapazi amamangiriridwa ku mapedulo, choncho mwana amene sangathe kuima yekha amatha kupalasa. Pa mpikisano wa Paralympics anthu otere ali ndi gawo lawo la njinga zotere. Palinso boccia, masewera oponya timipira munthu atakhala pa chikuku, amene adalowa mu mpikisanowu mu 1984.

Koma ife tikuona kuti phindu lalikulu ndi lakuti mwana wobisidwa uja amaonekera pagulu. Ku America, Rick Hoyt adabadwa mu 1962 mchombo utam'zenga pakhosi, ndipo sankayenda kapena kulankhula. Kuyambira mu 1977 bambo ake, a Dick Hoyt, ankamukankha pa chikuku m'mipikisano yothamanga, kenaka nkumamunyamula pa mpando wapadera kutsogolo kwa njinga. Mu 1992 adadutsa dziko lonselo masiku 45, pena pothamanga, pena popalasa, ndipo anthu ambiri adamva za kulumalaku chifukwa cha awiriwa.

Pa 6 Okutobala chaka chilichonse maiko amakumbukira anthu a kulumala kumeneku, mwambo umene udakhazikitsidwa mu 2012. Mabwalo a maparishi athu ndi osalala mokwanira kupalasapo njinga, ndipo makatekisiti ndi atsogoleri a miphakati amadziwa makomo amene muli ana otere. Tisanamukweze mwana pa njinga, makolo ayambe aonana ndi a mafizo ku chipatala, makamaka ngati mwanayo amagwa khunyu.