Muyeso wa Lilime la Mlendo m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Aliyense wotuma mnzake kwa anthu a mtundu wina amayenera kugamula tsiku limene wotumidwayo angathe kuima yekha popanda womasulira. M'dziko lathu lino oyamba kuyesedwa motere adali Azungu ophunzira Chinyanja, kale ife tisanayambe kulemba mayeso a Chingerezi. Mbiri ya mapiri a Dowa ndi Ntchisi ikutiwonetsa miyeso itatu imene yagwirapo ntchito: wa amishoni, wa Boma la atsamunda, ndi wa masiku ano. Tikaiika pamodzi tiona kuti uliwonse unkayankha funso limodzi lomwe, lakuti munthu uyu tingamsiyire ntchito yotani.

Pa 28 Novembala 1889 Abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed adakhazika mishoni pa Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere. M'chaka cha 1894 Robert Blake adatsekula Kongwe kwa Msakambewa, ndipo pambuyo pake ntchito idafika ku Chinthembwe m'mapiri a Ntchisi. Chiwere ndi Msakambewa adali Angoni, koma chilankhulo cha m'midzi chidali Chicheŵa. Mabuku othandiza mlendo adayamba kutuluka m'zaka zomwezo: dikishonale ya David Clement Scott mu 1892, ndi buku la malamulo a chilankhulo la Alexander Hetherwick mu 1901. Onse aŵiriŵa adali a mishoni ya Blantyre, ndipo dikishonale ya Scott idali ya Chimang'anja cha kumwera. Motero mmishoni wobwera ku Dowa ankaloŵeza mau a ku Shire, koma potuluka pakhomo ankamva anthu akulankhula mwa mtundu wina.

Padalinso vuto lina limene pepala silikadatha kuligwira. Kalembedwe ka nthaŵi imeneyo kaŵirikaŵiri sikankaonetsa mpweya umene umasiyanitsa "phala" ndi "pala". Kukweza ndi kutsitsa kwa liwu nakonso sikulembedwa, ngakhale lero lino. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi, monganso khungu la pathupi ndi khungu la m'maso, koma khutu la Mcheŵa silisokoneza. Munthu akadatha kumasulira ndime yonse molondola pa tebulo, nakaseketsa ana pabwalo ndi moni wake woyamba.

Msinkhu wapamwamba koposa umene mlendo adafikapo m'mapiri ameneŵa tiupeza pa phiri la Kaso pafupi ndi Mvera, kumene William Hoppe Murray adagwira mbali yaikulu ya ntchito yomasulira Baibulo. Bungwe la mipingo loyang'anira ntchitoyi lidakhazikitsidwa mu 1900, ndipo Buku Lopatulika lidasindikizidwa mu 1922. Komabe Murray sadagwire yekha. Adali ndi aphunzitsi a dziko lino, monga Jonathan Sande ndi Wilibes Chikuse, amene ankamthandiza kupima mau. Ngakhale katswiri amene adatha zaka zoposa makumi aŵiri pakati pa Acheŵa ankafunabe khutu la mwini chilankhulo kuti limuuze ngati chiganizo chikumveka.

Kumbali ya Eklezia Katolika muyeso udachokera kwa Kadinala Lavigerie, amene adayambitsa chipani cha Abambo Oyera mu 1868. Pamene adayamba kutuma ansembe ake ku chigawo cha nyanja zazikulu za mu Afrika mu 1878, adaŵalangiza kuti aphunzire chilankhulo cha anthu mwamsanga, ndipo kuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi azilankhula chomwecho ngakhale pakati pao. Abambo Oyera adafika ku Chiwamba mu 1902, nasamukira ku Likuni mu 1903. Mishoni ya Nambuma m'boma la Dowa idatsekulidwa mu 1928, ndipo ya Mpherere ku Ntchisi idabwera pambuyo pake. Langizo la Lavigerie lidali lolimba ndi lanzeru, koma lidaŵerenga miyezi, osatchula zimene wansembe ayenera kutha kuchita miyeziyo ikakwana.

Ntchito yeniyeni ndiyo idatchula. M'masiku amenewo Misa inkachitika m'Chilatini, choncho wansembe watsopano akadatha kuima pa guwa tsiku lomwe wafika. Ulaliki akadatha kuulemba, mnzake n'kuukonza, iye n'kuuŵerenga. Koma pa sakramenti la kulapa padalibe pepala. Malamulo a Eklezia saletsa womasulira pa kulapa, koma ndani angaulule za mumtima mwake pamaso pa mnansi wake? Pamenepo wansembe ankayenera kumva mau onong'onezedwa, a nkhalamba yopanda mano kapena a mtsikana wamanyazi, amenenso sankatchula chinthu ndi dzina lake. Wofuna kuthandiza banja ankayenera kuzindikira zimene anthu akutanthauza ponena za kuthira mchere, za mdulo ndi za tsempho. M'dera ngati la Dowa, kumene gule wamkulu ali ndi mizu yakuya ndi mau ake obisika, wosamvetsa ankaŵeruza zinthu zimene sadazimve. Buku la Bambo Salaün lophunzitsira Chicheŵa, limene lidatuluka ku Likuni mu 1969, lidathandiza ansembe ndi masisitere ambiri kuyamba bwino, koma kumva kwa mtundu umenewu kunkaphunziridwa m'midzi.

Boma la atsamunda lidali ndi muyeso wakewake. Mzungu woloŵa ntchito yolamulira maboma ankayenera kukhoza mayeso a chilankhulo cha dziko, ndipo mayesowo adali a misinkhu iŵiri, wotsika ndi wapamwamba. Kukhazikika pa ntchito ndi kukwera paudindo zinkadalira mayeso ameneŵa. Mabuku monga la Sanderson ndi Bithrey la mu 1925 ndi la T.D. Thomson la mu 1955 adalembedwera olankhula Chingerezi ofuna kuphunzira Chinyanja. Bwanamkubwa sankasoŵa kuti DC wa ku Dowa kapena wothandiza wake ku Visanza, kumene lero ndi boma la Ntchisi, adziŵe kutonthoza ofedwa. Ankafuna munthu wotha kuŵerenga nyumba, kutolera msonkho, kupereka lamulo kwa mafumu, ndi kutsata mlandu mokwanira kuti womasulira asamsokeretse. Muyeso udagwirizana ndi ntchito, ndipo pa ntchito yolamula pakamwa pamakula msanga kuposa khutu.

Muyeso wachitatu udabadwira kutali. M'zaka za m'ma 1950 Boma la Amereka lidakonza makwerero oyambira pa 0 mpaka 5 oyesera akazembe ake. Mu 2001 bungwe la Council of Europe lidafalitsa ndondomeko yotchedwa CEFR, ya misinkhu isanu ndi umodzi: A1, A2, B1, B2, C1 ndi C2. Chachilendo chake n'chakuti siŵerenga mau amene munthu waloŵeza, koma imafotokoza zimene angathe kuchita. Wa pa A2 amatha kukambirana zinthu zapafupi za tsiku ndi tsiku. Wa pa B1 amatha kudzithandiza paulendo ndi kusimba zimene zamchitikira. Wa pa B2 amacheza ndi eni chilankhulo popanda wina kuvutika. Wa pa C1 amazindikira tanthauzo lobisika limene silidatchulidwe poyera. Ndondomekoyi imavomerezanso kuti kumva, kulankhula, kuŵerenga ndi kulemba sizikulira pamodzi: munthu angakhale wa C1 poŵerenga koma wa B1 pakumva.

Makwerero ameneŵa adafikanso m'mapiri a Dowa. Dzaleka, imene idali ndende ya andale m'nthaŵi ya Dr Banda, idasanduka msasa wa anthu othaŵa kwao mu 1994, ndipo pofika 2022 anthu ake adapitirira 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Kuyambira 2010 Ajezuiti adayamba kupereka kumeneko maphunziro apamwamba kudzera pa intaneti, ndipo bungwe lao la Jesuit Worldwide Learning lidakonza maphunziro a Chingerezi motsata misinkhu ya CEFR. Kwa mnyamata wolankhula Chiswahili ndi Chifalansa, kukwera pa makwerero ameneŵa ndiyo njira yoloŵera maphunziro apamwamba. Komabe Chicheŵa chimene amagulira chimanga pamsika ndi kufotokozera matenda ake kuchipatala amachiphunzira popanda setifiketi, ndipo amene amachiyesa ndi amai ogulitsa ndi anamwino.

Ife ansembe ndi aseminale nkhaniyi ikutikhudza pafupi. Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatikano, m'chikalata chake cha Ad Gentes cha mu 1965, udapempha kuti amishoni aphunzire zilankhulo mpaka azizilankhula mosadodoma ndi mokoma. Lamulo 249 la Malamulo a Eklezia a mu 1983 likufuna kuti aseminale aphunzitsidwe bwino chilankhulo chao, adziŵe Chilatini, ndiponso zilankhulo zina zofunika pa maphunziro ndi pa ubusa. Tsono mlendo wa lero kaŵirikaŵiri ndi ife tomwe: Mcheŵa wotumidwa pakati pa Atumbuka, Ayao kapena Asena, kapena wansembe wokapereka nsembe ya Misa ku Dzaleka. Tisaiŵalenso kuti wophunzira amene watha zaka zambiri akusinkhasinkha za Mulungu m'Chingerezi angapezeke kuti ndi wamsinkhu wotsika pofotokoza za Utatu Woyera m'chilankhulo chimene adayamwa.

Mbiri imene taonayi ikutipatsa makwerero oyenera ntchito yathu. Loyamba ndi kupereka moni ndi kufunsa njira. Lachiŵiri ndi kuŵerenga Misa ndi Malembo momveka, liwu likukwera ndi kutsika pamalo pake. Lachitatu ndi kuphunzitsa katekisimu ndi kuyankha mafunso osayembekezeka. Lachinai ndi kumva kulapa ndi kutsata mlandu wa banja. Lachisanu ndi kulankhula pamaliro pamaso pa mafumu, ndi kuzindikira pamene mkulu wakudzudzula ndi mwambi. Zitatu zoyambazo zimatsamira kwambiri pakamwa, ziŵiri zomalizazo zimatsamira pa khutu, ndipo ndi zomwezi zimene mayeso a papepala amalephera kuzigwira.

Ngati ndi choncho, oyesa asakhale aphunzitsi a kuseminale okha. Monga Murray adakhalira pansi ndi Sande ndi Chikuse pa Kaso, nafenso tiyenera kuitana akatekisiti, akuluakulu a miphakati ndi amai a mumpingo kuti amvetsere wophunzira, amlankhule monga amalankhulira kwao, ndipo anene ngati waŵamva. Ambuye Episkopi asanapereke chilolezo chomvera kulapa kwa wansembe wobwera kuchokera kwina, umboni wa anthu otere ungaŵathandize koposa malikisi. Makolo athu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo Eklezia wa ku Dowa ndi Ntchisi adapinduladi ndi alendo. Koma kalumoko kadameta bwino pokhapo pamene mlendoyo adayamba wakhala pansi, namvetsera eni mudzi kufikira iwo atavomereza kuti tsopano akumva.